Mbiri ya Msewu wa M'mbali mwa Nyanja, Kuchokera ku Mua Kukafika ku Nkhata Bay

Msewu wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi, umene pa mapu a boma umalembedwa kuti M5, umayambira pafupi ndi Balaka, pomwe umapatukana ndi msewu waukulu wa M1, ndipo umadutsa m'chigwa chimene chili pakati pa nyanja ndi mapiri a Dedza, nupyola Salima, Nkhotakota, Dwangwa ndi Chintheche, mpaka kukafika pa mphambano ya ku Nkhata Bay, pomwe umakhotera kumadzulo n'kukwera zitunda kulowera ku Mzuzu. Ngakhale kuti anthu ambiri masiku ano amaudziwa ngati njira ya mabasi, ya malole onyamula shuga ndi ya alendo okaona nyanja, msewuwu ndi wa posachedwa poyerekeza ndi midzi, madoko ndi mamishoni amene umalumikiza, chifukwa kwa zaka mazana ambiri njira yaikulu ya anthu a m'derali inali nyanja yomweyo. Mbiri ya msewuwu ndi mbiri ya mmene malo amene kale ankafikirana pamadzi anadzayambira kufikirana pamtunda, ndipo zambiri za mbiriyo zikuonekabe m'zimene wapaulendo amaona ndi kudya paliponse pamene waima.

Nyanja ya Malawi, imene ndi yachitatu pa kukula mu Africa, ndi yaitali makilomita oposa 550 ndipo pa malo ena kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700. Ulendo wa panyanjapo unkadalira mphepo, makamaka mwera, umene umaomba kuchokera kummwera m'nyengo yozizira nuutsa mafunde aakulu, ndi mpoto, umene umachokera kumpoto pamene mvula yayandikira. Asodzi ndi amalonda ankayenda pa mabwato osema ku mtengo umodzi, Aswahili anabweretsa zombo zoyendera matanga, ndipo amishoni ndi atsamunda anadzabweretsa sitima za nthunzi. Kumtunda kunali njira zapansi zimene zinkaduka mitsinje ya Linthipe, Bua, Dwangwa ndi Luweya ikadzaza, kotero kuti munthu wa ku Nkhotakota ankatha kudziwa bwino tsidya la kummawa kwa nyanja kusiyana ndi madera ena a dziko lake lomwe. Maganizo omanga msewu wolondola gombe lonse amatchulidwa limodzi ndi dzina la Hastings Kamuzu Banda, amene anamangidwa pa 3 Malichi 1959 natsekeredwa m'ndende ya Gwelo, mzinda umene lero ndi Gweru ku Zimbabwe, mpaka mu Epulo 1960. Banda ankakonda kunena kuti ali m'ndendemo analota zinthu zitatu, zomwe ndi kusamutsira likulu la dziko ku Lilongwe, kukhazikitsa yunivesite, ndi kumanga msewu wa m'mbali mwa nyanja. Dziko litalandira ufulu mu 1964, msewuwo unamangidwa chigawochigawo kwa zaka zambiri, ndipo milatho yake yambiri inali yopapatiza, yodutsa galimoto imodzi pa nthawi.

Chigawo cha kummwera cha msewuwu chimadutsa m'dera limene ndi chiyambi cha ufumu wa Amaravi. Pafupi ndi Mtakataka pali malo otchedwa Mankhamba, amene mbiri ya pakamwa ya Achewa imati panali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, ndipo katswiri wofukula zinthu zakale Yusuf Juwayeyi anapezapo mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, zidutswa za minyanga ya njovu ndi mapale a mbale zochokera ku China, zimene zikusonyeza kuti chigwachi chinkachita malonda ndi gombe la nyanja yamchere ya India kale kwambiri. Makilomita ochepa kuchokera pamenepo, m'munsi mwa mapiri, pali mishoni ya Mua, imene ansembe achikatolika a chipani cha White Fathers anaikhazikitsa mu 1902. Mu 1976 wansembe wochokera ku Canada, Claude Boucher, amene Achewa anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa pamalopo Kungoni, sukulu ya zosemasema ndi zachikhalidwe, ndipo m'nyumba yake yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Chamare muli zigoba mazanamazana za gule wamkulu pamodzi ndi mafotokozedwe a miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira pa kubadwa kwa mwana mpaka pa maliro. M'dera lomweli, pa Golomoti, msewu umakumana ndi njira yotsika kuchokera ku Dedza ndi ina yopita ku Monkey Bay, ndipo m'mphepete mwake mumagulitsidwa malambe, zipatso za mlambe zimene ufa wake wowawasa amapangira chakumwa ndi phala.

Pa Chipoka ndi pamene wapaulendo wochokera kummwera amayandikira nyanja koyamba, ndipo doko limeneli linakula chifukwa cha njanji, imene inafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935 kuchokera ku Blantyre. Katundu wopita kumpoto ankatsitsidwa m'sitima ya pamtunda n'kukwezedwa m'sitima ya pamadzi, ndipo zitsulo za sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949, zinadzera pa njanji yomweyi kuchokera ku Beira zisanalumikizidwe kuti sitimayo iyambe ntchito mu 1951. Tauni ya Salima inakula ngati mathero a njanji ndi msika wa thonje, mpunga ndi nsomba, mpaka pamene njanjiyo inapitirizidwa kukafika ku Lilongwe mu 1979. Kuchokera ku Salima, msewu wa makilomita pafupifupi 20 umatsikira ku Senga Bay, gombe limene lili pafupi kwambiri ndi Lilongwe mwa magombe onse odziwika, pomwe pali hotela yakale ya nthawi ya atsamunda imene inkatchedwa Grand Beach ndipo lero ndi Sunbird Livingstonia. M'mahotela ndi m'malo ogona alendo a ku Senga Bay chakudya chodziwika ndi chambo chokazinga kapena chootcha, chodyera nsima, mpunga kapena tchipisi, pomwe m'midzi ya asodzi yoyandikana nawo mumakhala mathandala, omwe ndi matebulo aatali a bango oyanikapo usipa ndi utaka kuti ziume ndi dzuwa zisanapite ku misika ya ku Lilongwe.

Chinthu chimene boma la Salima limanyadira kwambiri pa nkhani ya usodzi ndi chilumba cha Mbenji, chimene chili m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a m'derali akhala akutseka usodzi pa chilumbachi nyengo yonse ya mvula kuti nsomba ziswane, ndipo pa nthawiyo asodzi onse amachokapo, nadzabwerera pokhapokha mfumu itatsegula pa mwambo umene umasonkhanitsa anthu ambiri. Pa chilumbapo mowa, juga ndi maukonde oononga nsomba zing'onozing'ono ndi zoletsedwa, ndipo wophwanya malamulowo amachotsedwa. Dongosolo limeneli linachokera kwa eni dera okha, boma lisanayambe kulimbikitsa makomiti a m'magombe, ndipo n'chifukwa chake akatswiri a zausodzi amalitchula kawirikawiri pofuna kusonyeza kuti ulamuliro wa mafumu ungathe kusunga chuma cha m'nyanja.

Kuchoka pa Kaphatenga, pomwe msewu umapatukana ndi wopita ku Lilongwe, nyanja imabisika kwa nthawi yaitali kuseri kwa minda, madambo ndi mitengo ya mango, mpaka pa mlatho wa Chia, umene umadutsa pa khwalala lamadzi lolumikiza nyanja yaing'ono ya Chia ndi nyanja yaikulu. Pa mlathowu pali msika wa nsomba umene oyendetsa galimoto ambiri sapitirira osaima, ndipo ogulitsa amakweza m'mwamba mipukutu ya chambo, kampango ndi mlamba kuti odutsa aone. Kampango ndi nsomba yopanda mamba, yamnofu wambiri ndi minga yochepa, imene imakoma kwambiri ikawambidwa pa moto wa nkhuni. Chizolowezi chomangirira nsomba zaziwisi kunja kwa galimoto, pa galasi loonera kumbuyo, kuti zizizire ndi mphepo ndi kuti fungo lisalowe m'katimo, chinafala kwambiri pa msewu uno, moti galimoto yofika ku Lilongwe kapena ku Mzuzu nsomba zikulendewera imadziwika kumene yachokera.

Nkhotakota ndi malo amene mbiri ya msewuwu imalemera kwambiri. Cha m'ma 1840, wamalonda wa Chiswahili dzina lake Salim bin Abdallah anakhazikika pa gombeli pakati pa Achewa, natenga udindo wa Jumbe, umene olowa m'malo mwake anapitiriza kuutchula. A Jumbe anamanga zombo zimene zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo kupita tsidya la kummawa, kumene ankayamba ulendo wapansi wa miyezi ingapo wopita ku Kilwa, ndipo ambiri mwa iwo ankafera m'njira. David Livingstone anadutsa pa gombeli mu 1861 nadzafikanso mu 1863, pamene anapeza amalonda akukhoma chombo chatsopano choolotsera akapolo, ndipo mtengo waukulu umene anthu amati anakhala pansi pake pokambirana ndi eni mudzi ukusungidwabe ngati chikumbutso. Mu 1889 Harry Johnston anachita pangano ndi Jumbe wa nthawiyo m'malo mwa boma la Britain, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1890 atsamunda anachotsa Jumbe wotsiriza namutumiza ku Zanzibar. Ulamuliro wa a Jumbe unasiya chilonda chachikulu cha ukapolo, komanso unasiya chipembedzo cha Chisilamu, chimene chili ndi mizu yakuya m'tauniyi, ndi ulimi wa mpunga, umene anthu a m'derali amati unafalikira m'madambo awo m'nthawi imeneyo. Mpunga wa Faya, umene umagulitsidwa m'matumba m'mphepete mwa msewu ndi kuphikidwa m'malo odyera a pa boma pamodzi ndi nsomba kapena nkhuku, akuti uli ndi chiyambi chimenechi, monganso mkate, chakudya chotsekemera chophikidwa ndi ufa wa mpunga ndi nthochi.

Mishoni ya Anglican ya UMCA inakhazikika ku Nkhotakota mu 1894, ndipo chaka chotsatira bishopu Chauncy Maples, amene anali atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, anamira m'nyanja boti lake litagubuduzika ndi mphepo, naikidwa m'manda pamalo pamene pali tchalitchi cha All Saints. Pafupi ndi tchalitchicho pali chipatala cha St Anne's, ndipo chapatali pang'ono pali akasupe a madzi otentha a Mawira, kumene anthu akhala akusamba ndi kuchapa kuyambira kalekale. Tauniyi ili ndi malo akenso m'mbiri ya ndale, chifukwa mu 1960 chipani cha Malawi Congress chinachititsa kumeneko msonkhano waukulu umene unalandira atsogoleri ongotulutsidwa kumene m'ndende, kuphatikizapo Henry Masauko Chipembere ndi abale awiri Dunduzu ndi Yatuta Chisiza, ndipo pa msonkhano womwewo Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipanicho kwa moyo wake wonse, chigamulo chimene zotsatira zake dziko linadzaziona m'zaka makumi atatu zotsatira.

Kumadzulo kwa tauniyi kuli nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ya makilomita 1,800 m'litali ndi m'lifupi kuchulukitsa, imene nyama zake zinatsala pang'ono kutha chifukwa cha opha nyama mozemba. Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mu 2015 mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Mtsinje wa Bua, umene umadutsa m'nkhalangoyi usanaoloke msewu, ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene mpasa, nsomba yaikulu ya m'nyanja imene imakwera mitsinje kukaswana pa miyala, imapezekabe, ndipo kupezeka kwake kumadalira madzi oyera amene nkhalango imasunga. Kumpoto kwa Bua dziko limasintha maonekedwe, pakuti msewu umalowa m'minda ya nzimbe ya Dwangwa, kumene fakitale ya shuga inayamba ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1982 panatsegulidwanso fakitale ya ethanol, mafuta opangidwa ku zotsalira za nzimbe amene amasakanizidwa ndi petulo. Ntchito za m'mindayi zinakoka anthu a zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo Dwangwa inasanduka msika waukulu wokhala ndi ziwaya zokazingira tchipisi ndi nyama, malo odyera nsima ndi mashopu, pomwe mabasi oyenda pakati pa Salima ndi Mzuzu amaima kuti apaulendo adye.

Kupyola Dwangwa, mapiri amayandikira nyanja ndipo msewu umayenda kufupi ndi madzi, kudutsa Ngala ndi kuoloka mtsinje wa Dwambazi, umene ndi malire a chigawo chapakati ndi cha kumpoto. Kuyambira pamenepa ndi dziko la Atonga, lamvula yambiri, la mchenga woyera wa ku Kande ndi ku Chintheche, ndi la chinangwa, chimene amachiviika m'madzi masiku angapo kuti ululu wake uchoke, nachiyanika ndi kuchisinja kuti apeze ufa wophikira kondowole. Kondowole ndi nsima yonanda ndi yolemera m'mimba, imene imadyedwa ndi usipa, batala kapena chigwada, ndiwo za masamba a chinangwa osinja, ndipo kwa Mtonga chakudya chimenechi ndi chizindikiro cha kwawo kulikonse kumene ali. Nthawi zina pamwamba pa nyanja pamaoneka mitambo yakuda yonga utsi, imene ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timaswana m'madzi, ndipo mphepo ikatikankhira kumtunda anthu amatikola ndi malichero, natiumba timitanda tophika ngati ndiwo.

M'zaka za m'ma 1870 Atonga ankakhala m'malinga akuluakulu m'mphepete mwa nyanja podziteteza kwa Angoni a kumapiri, ndipo m'nyengo imeneyi ndi mmene amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Robert Laws, anasamukira ku Bandawe mu 1881 atalephera kukhazikika ku Cape Maclear chifukwa cha malungo. Malungo anawatsatirabe, monga manda a amishoni a ku Bandawe akuchitira umboni, ndipo mu 1894 likulu la mishoni linasamukira ku Khondowe, koma sukulu zimene zinatsegulidwa m'derali zinapatsa Atonga mwayi wa maphunziro msanga kuposa anthu a madera ambiri. Ophunzirawo anapita kukagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku South Africa, ndipo ena mwa iwo anasiya dzina m'mbiri ya mayiko amenewo. Clements Kadalie, wobadwira m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe, anakhazikitsa ku Cape Town mu 1919 bungwe la ICU, limene linakula kukhala bungwe lalikulu kwambiri la anthu akuda apantchito m'dzikolo pa nthawiyo. Elliot Kamwana, amenenso anaphunzira ku Bandawe, anabwerera kwawo mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower, nabatiza anthu zikwi zambiri m'miyezi yochepa, mpaka boma la atsamunda linamuchotsa m'dzikomo mu 1909. Gule wa malipenga, amene amavinidwa ndi amuna ovala zoyera zonga za asilikali akuimba zitoliro za zikho, amakumbutsa nthawi ya nkhondo ya azungu ndi maulendo okagwira ntchito kunja aja, pomwe chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars, chimene chinachitika koyamba ku Chintheche Inn mu 2004, chinadziwitsa gombeli kwa alendo a m'badwo watsopano.

Pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay msewu umachoka pa gombe nudutsa m'nkhalango ya Mkuwazi ndi m'minda ya mitengo ya mphira ya Vizara, kumene anyamata amagulitsa mipira yokulunga ndi utomoni wa mitengoyo, ndipo m'zitunda zoyandikana muli minda ya tiyi ya Kawalazi. Tauni ya Nkhata Bay ili m'kachigwa kozunguliridwa ndi mapiri, ndipo doko lake ndi lofunika kwambiri kwa anthu a ku Likoma, ku Chizumulu ndi ku midzi ya kumpoto monga Usisya ndi Ruarwe, imene njira yake yodalirika ikadali ya pamadzi. Tsiku lofika Ilala msika umadzaza ndi nsomba, nthochi, chinangwa ndi katundu wa pa chilumba, ndipo alendo amene amagona ku Chikale ndi m'malo ena a m'mbali mwa phiri amadya batala wootcha, nsomba yamafuta ya m'madzi akuya imene tauniyi imadziwika nayo. Pa doko lomweli, pa 3 Malichi 1959, khamu la anthu linasonkhana kufuna kuti atsogoleri awo, amene anali atatsekeredwa m'sitima ya Mpasa, amasulidwe, ndipo asilikali a boma la nthawiyo anaombera khamulo. Komiti yofufuza ya Devlin inawerenga anthu 20 ophedwa, pomwe anthu a m'deralo amawerenga oposa 30, ndipo chaka chilichonse pa tsikuli, limene ndi tsiku lokumbukira ofera ufulu wa dziko, abale awo ndi atsogoleri amasonkhana pa chipilala cha chikumbutso. Motero tsiku limene Banda anatengedwa kupita ku ndende kumene analota msewuwu ndi tsiku lomwe anthu a ku Nkhata Bay anakhetsa mwazi wawo.

Msewu umene wasonkhanitsa mbiri yonseyi uli ndi mavuto amene sayenera kubisika. M'zigawo zina phula linadyeka m'mbali mpaka galimoto ziwiri kuvutika kupatukana, ndipo mitsinje yotsika m'mapiri amene mitengo yake yadulidwa imabwera ndi mphamvu ndi mchenga wambiri, nikokolola milatho, monga zinachitikira m'dera la Dwangwa kumayambiriro kwa 2024, pamene madzi osefukira anadula msewu ndi kusamutsa mabanja ambiri. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo ntchito yokonzanso msewuwu ingakhale yokhalitsa pokhapokha milatho itamangidwa molingana ndi kukula kwenikweni kwa mitsinjeyo ndiponso nkhalango za kumtunda zitasamalidwa. Nsomba nazo zachepa, makamaka chambo, chifukwa cha kuchuluka kwa asodzi, maukonde a maso ang'onoang'ono ndi kugwiritsa ntchito masikito pokokera tiana ta nsomba m'malo oswanirana, moti chakudya chimene kale chinali cha banja lililonse la m'mphepete mwa nyanja chikusanduka cha okhawo a ndalama. Malo odyera a ku Senga Bay, msika wa pa Chia, mpunga wa ku Nkhotakota ndi kondowole wa ku Chintheche zonse zimadalira nyanja ndi mitsinje yomweyo, ndipo chitsanzo cha Mbenji chikusonyeza kuti pamene mafumu, asodzi ndi boma agwirizana pa lamulo limodzi n'kulisunga, chuma chimenechi chingathe kufika kwa ana amene akukula m'midzi ya m'mbali mwa msewuwu lero.